Michira ya Ana a Sula

Sula anatenga bere mu Febuluwale, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinadziwiratu kuti limeneli ndi lomaliza. Ndi galu wa mtundu wa sipaniyelo, wamakutu akugwa, wofiirira ndi mawanga oyera. Chimwalirireni mkazi wanga Morven, galu ameneyu ndiye yekha amene ndinkayankhula naye tsiku ndi tsiku. Sankandiyankha, n'chifukwa chake tinkagwirizana.

Ine ndine Lachlan Rennie. Kwa zaka makumi anayi ndakhala ndikuyang'anira mbalame ndi nyama za m'thengo pa esiteti ina kumtunda kwa tauni ya Pitlochry, ku Scotland. Nyengo yosaka ikafika, eni ake amabwera ndi alendo awo n'kundanda pamzere ndi mfuti, ndipo agalu anga ndiwo amalowa m'ziyangoyango kukavumbulutsa nkhwali. Galu wotere salowa paminga mwaulemu. Amadziponyamo yense, mchira ukukwapula uku ndi uku, ndipo ukakhala wautali nsonga yake imang'ambika. Bala la kumchira silipola msanga, poti galu sungamuuze kuti aleke kusangalala. N'chifukwa chake bambo anga ankadula michira ya tiagalu tikangotha masiku atatu, nanenso ndinkatero, patebulo la kukhitchini, ndi sizasi yowiritsa m'madzi.

Kenako mu 2007 akuluakulu a boma a ku Edinburgh, amene minga amangoionera pa kanema, analetsa kudula michira m'Scotland monse. Ku England analola kuti agalu antchito azidulidwabe, bola wodulayo akhale dokotala wa ziweto, ndipo kagaluko kasanapitirire masiku asanu. Kunyamula tiagalu tobadwira kwathu n'kukatidulitsa kumeneko unali mlandu. Koma galu wabere amene wangopita kukacheza kutsidya kwa malire panalibe womufunsa. Ndiye enafe tinayamba kuperekeza agalu athu kuti akaswere ku England, ngati mtsikana wopita kukachirira kwa amayi ake.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, Ishbel, ndipo Mulungu pofuna kundiseka anamupanga dokotala wa ziweto. Amagwira ntchito ku Aberdeen. Za michira tinayamba kukangana akadali pasukulu, ndipo Morven ndiye ankatileretsa potiikira chakudya patsogolo. Iye atapita, woleretsa panalibenso. Tinasiya kukamba za michira, kenako tinapezeka tasiya kukamba zambiri. M'zaka ziwiri chichitikireni maliro, Ishbel anabwera kawiri, ndipo kawiri konseko sanagone. Ankaimba foni Lamlungu lililonse. Tinkakamba za mvula, za bondo langa, andifunse ngati ndikudya, basi foni yatha. Ndinkamusowa kwambiri, koma sindinkadziwa kuti zimenezo munthu amazinena bwanji pafoni.

Lamlungu lina mu Malichi ndinamuuza kuti Sula ali ndi bere.

"Pa msinkhu umenewo?" anatero Ishbel. "Bambo, inunso nanu. Aswa liti?"

"Cha pa 20 Epulo."

"Ndili ndi masiku a tchuthi amene sindinatenge. Ndibwera pa 18, ndidzakhala milungu iwiri. Galu wamkulu choncho asamaswe popanda munthu wodziwa pafupi."

"Munthu wodziwa," ndinatero. "Ine ndinayamba kuswetsa agalu iwe usanabadwe."

"Eya, ndamva. Mukonze bedi m'chipinda changa chija. Ndipo muchotsemo misampha yanuyo, ndikudziwa kuti mwadzazamo."

Milungu iwiri. Nditaika foni pansi ndinasangalala ngati mwana, mpaka Sula anadzuka kudzandinunkhiza kuti aone chandigwira. Koma panali chimene sindinamuuze. Ndinali nditapangana kale ndi Dennis Charlton, mnzanga wantchito ngati yangayi ku Northumberland, m'dziko la England, kuti Sula akaswera kwake.

Wina angafunse kuti bwanji sindinangothetsa panganolo. Chifukwa chake ndi Corrie. Corrie anali galu wanga woyamba kukula ndi mchira wonse, lamulo litangobwera kumene. Nyengo yake yachiwiri yosaka, nsonga ya mchira inang'ambika paminga. Ndinkati ndikalowa m'khola m'mawa, makoma ali mawangamawanga a magazi mpaka kudenga. Ndinamumanga bandeji kasanu ndi kanayi. Pamapeto pake mchira unaola, anachita kuudula ali galu wamkulu, ndipo analira milungu iwiri. Tsono kwa Sula ndinkafuna kusungako kagalu kamodzi kakakazi, koti ndikalambe nako, ndipo sindinkafuna kudzaonanso makoma aja. Ndinadziuza kuti Ishbel akafika adzakwiya tsiku limodzi, kenako adzakhala, poti wafika kale. Ndinkafuna zonse ziwiri. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine mawuwo ndinkawadziwa bwino lomwe.

Kutatsala sabata ndinamugoneka Sula pabulangete kumpando wakumbuyo n'kuyenda maola anayi kulowera kumwera. Dennis ndinamupeza pageti, manja m'thumba.

"Afika othawa kwawo aja," anatero. "Akulu, dziko lanulo likuthamangitsa ndi agalu omwe? Chaka chamawa mubweranso ndi nkhosa kudzameta kuno."

"Iwe tsegula geti, galu watopa."

"Dokotala wanu wa m'nyumba uja akudziwa?"

"Akudziwa zimene akuyenera kudziwa."

Dennis anandiyang'ana cham'mbali n'kuimba kaluzu. Anali atakonza malo abwino m'shedi, udzu wouma ndi bokosi lalikulu. Sula analowamo, nazungulira kawiri, kenako anaona kuti ndikutseka chitseko ine ndili kunja. Sanauwe. Anangoika mphuno pampata wa matabwa n'kumandiyang'ana mpaka ndinakhota.

Sabata imeneyo nyumba inandikulira. M'mawa ndinkaphika phala, ndidye nditaimirira, poti kukhala patebulo wekha kuli ngati ukudikira wina. Tsiku lina ndinagwetsa khoko la buledi pansi mwachizolowezi, ndipo madzulo ndinalipeza lili pomwepo. Ndinkapezeka ndayamba kuyankhula, n'kulekera pakati. Chomwe chinandithandiza ndi chipinda cha Ishbel. Ndinatulutsa misampha ndi makatoni a zipolopolo, ndinayanika matiresi, ndinachapa makatani amene Morven anasoka. Ndinatsikira ku Pitlochry kukagula tchizi cha mtundu umene Ishbel amakonda, ndipo mayi wa m'sitolo atandifunsa ngati ndili ndi alendo, ndinayankha mokweza kuposa mmene zinkafunikira kuti mwana wanga akubwera.

Anafika Lolemba masana. Galimoto inali yodzaza: chikwama chachikulu cha zovala, matawulo, sikelo yoyezera tiagalu, nyale yotenthetsera. Anatsika, nandipsompsona patsaya mothamanga, n'kulunjika kukhola akuitana.

"Sula! Sula, mayi iwe, uli kuti?"

Ndinaima pakhonde ndikumva chitseko cha khola chikutseguka. Anabwerera akuyenda pang'onopang'ono.

"Galu ali kuti, bambo?"

"Ali kwa Dennis."

"Dennis wa ku Northumberland."

"Eya."

"Kuyambira liti?"

"Lolemba lapitalo."

Anayang'ana katundu wake m'galimoto, kenako ine. Nkhope yake ikakwiya imafanana ndi yanga, ndipo si nkhope yabwino kuiona.

"Dzulo lomweli tayankhulana pafoni," anatero. "Munandifunsa kuti ndinyamuka nthawi yanji. Munandisiya ndipemphe tchuthi, ndilongedze zonsezi, inu mukudziwa kuti m'khola mulibe kanthu."

"Bedi ndakonza."

"Galu wazaka seveni, watsala pang'ono kuswa, mwamugwedeza maola folo pamsewu, mwakamusiya kwa anthu ena. Chifukwa cha michira."

"Corrie unamuona."

"Ndinamuona, ndipo ndine ndinamudula, musaiwale. Koma anali galu mmodzi, bambo. Mukudula khumi kuti mupulumutse mmodzi. Enawo alakwa chiyani? Mchira ndi pakamwa pa galu. Mukuwadula asanayambe n'kuyankhula komwe."

"Za m'mabuku zimenezo. Mmodziyo ndi amene ndimamutsuka ine, iwe uli ku Aberdeen ukubaya amphaka a madona. Pa masiku atatu kagalu sikamva kanthu. Kamalira kamodzi n'kubwerera kubere."

"Kamamva. Ine ndinkamva kulira kwa tiagalu ndili kuchipinda, nditadziphimba ndi pilo. Amayi ankayatsa wailesi mokweza nthawi zonse mukatenga sizasi ija. Inu munkayesa kuti akufuna nyimbo?"

Zimenezo sindinkazidziwa. Zaka zonsezo ndinkangoti Morven amakonda wailesi. Ndinaumitsa nkhope monga mwa chizolowezi changa, moti munthu akanaganiza kuti sindinamve.

Ishbel anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Atayambanso kuyankhula, mawu ake anali otsika.

"Mukudziwa, sindinabwerere galu yekha. Galu anali chonamizira. Sindikanangoimba n'kunena kuti bambo, ndikufuna ndidzakhale nanu milungu iwiri. Mukanandifunsa kuti chalakwika n'chiyani, kaya andichotsa ntchito."

Ankanena zoona, ndikanafunsa zomwezo. Apa ndiye panafunika kuti ndinene mawu amodzi okha, akuti khala. Anali pakamwa penipeni. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ketulo yawira."

Tiyi anamwa ataimirira, jekete ali chivalire. Sanakwere n'komwe kukaona chipinda chake. Ndinamuperekeza kugalimoto n'kumuuza kuti asamale pamlatho wa kumunsi chifukwa pali dzenje. Iye anati zikomo. Ndinaima pabwalo mpaka galimoto inabisika kuseri kwa mitengo, ndipo ndinadziona kuti ndine nkhalamba yopusa.

Ndisanalowe n'komwe m'nyumba foni inalira. Anali Dennis.

"Agogo, mwalandira zidzukulu. Zisanu, zitatu zazikazi. Waswa m'mawa uno, yekha, osavutitsa munthu. Dokotala ndapangana naye Lachinayi."

"Chabwino," ndinatero.

"Chabwino basi? Ndimayesa muvina."

Lachiwiri ndinayendera misampha kuphiri tsiku lonse, ndikukangana ndi Ishbel mumtima. Mfundo zonse ndinapambana ndine. Ndinamukumbutsa za magazi a Corrie, ndinamuuza kuti nkhosa amazidula michira tsiku ndi tsiku popanda wodandaula, ndinamufunsa ngati analowako paminga ndi galu. Sanayankhe n'kamodzi komwe. Nditabwerera madzulo ndinapeza makapu awiri ali musinki mmene tinawasiyira. Wailesi ya Morven inali pamalo pake pawindo. Ndinaiyatsa n'kuikweza, kuti ndimve mmene inkamvekera, ndipo ndinaona kuti inkafunika kukwezedwa kwambiri kuti munthu asamve zochitika patebulo lomwelo.

Ndinene mosabisa, maganizo sindinasinthe. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti galu wolowa paminga amakhala bwino ndi mchira waufupi. Koma Lachitatu ndinadzuka nditaona kuti mbali imodzi kuli michira isanu, mbali inayi kuli mwana wanga mmodzi yekhayo, ndipo ndine ndekha m'Scotland monse amene ndikanavutika kusankha. Tiagaluto ndikanatipereka kwa anthu ongofuna galu woyenda naye m'misewu. Kanga kaja ndikanakamanga bandeji kakadzavulala. Zinali zotheka.

Ndinaganiza zimenezi nthawi ya 7 m'mawa. Koma munthu amene wakhala akunena chinthu chimodzi zaka makumi anayi sathamangira foni. Ndinayamba ndakadyetsa mbalame. Ndinakonza waya wa mpanda amene akanatha kudikira mpaka Juni. Ndinawaza nkhuni, chikhalirecho shedi inali yodzaza kale. Ndinkadziuza kuti dokotala ndi wa mawa, nthawi ilipo. Foni ndinaigwira 3 koloko itadutsa, ndipo m'malo moyamba ndi Dennis ndinayamba ndi Ishbel, chifukwa ndiye amene ndinkafuna kumva mawu ake.

"Ishbel, ndi ine."

"Ndaona nambala, bambo."

"Sula waswa. Asanu, onse amoyo. Michira sindidulitsa."



"Mukunena zoona?"

"Ndinayamba ndakunamizapo ine?"

"Lamlungu lomweli."

"Lamlungu sindiname. Ndinangokhala chete."

Anaseka. Kuseka kwake ndinali ndisanakumve chichitikireni maliro a amayi ake.

"Mwasintha maganizo?" anafunsa.

"Ayi. Ukulakwitsabe. Koma sindidulitsa."

"Zimenezo zikundikwanira," anatero. "Tchuthi changa chikadalipo. Ndibwera Loweruka m'mawa, tipitire limodzi kukawaona. Koma musavale jekete lanu lonunkha nkhwali lija, tikhala m'galimoto imodzi."

Nditaika foni ndinayenda kuzungulira tebulo kawiri, kenako ndinaimbira Dennis.

"Akulu, mwandiyambirira, ndimati ndikuimbireni," anatero mosangalala. "Zatheka kale."

"Zatheka chiyani?"

"Michira. Dokotala anabwera m'mawa uno kwa aneba, ng'ombe yawo inakanika kubereka. Ndiye ndinati poti wafika kale, bwanji angomaliziratu, kusiyana n'kumuyendetsa kawiri. Tsiku lachitatu, monga mumanenera inu nthawi zonse. Ntchito yaukhondo, mudzaona nokha. Panopa tiagalu tonse tili pabere, tikuyamwa ngati sipanachitike kanthu."

"Nthawi yanji?"

"Cha m'ma 11. Bwanji, pali vuto?"

Nthawi ya 11 ndinali ndikuwaza nkhuni zosafunika zija. Dennis sindikanamudzudzula. Anachita zimene ndinamutuma, pa tsiku limene ine mwini ndinamuphunzitsa kuti ndilo labwino.

"Palibe vuto," ndinatero. "Wachita bwino."

Ndinakhala pampando foni ili m'manja. Ndikuvomera kuti maganizo oyamba amene anandibwerera anali oti ndikhalenso chete. Ishbel akanabwera Loweruka. Tikanayenda maola anayi awiriwiri, iye akuyendetsa, ine ndikumuonetsa mapiri amene amawadziwa kale. Za michira akanakazionera komweko, koma maola anayiwo akanakhala anga. Ndinawalakalaka kwambiri maola amenewo. Kenako ndinaganiza za nkhope yake akuwerama pabokosi la m'shedi ya Dennis, ndipo ndinaimbanso.

"Mwaiwala chiyani?" anatero, mawu akadali ndi chimwemwe chija.

Ndinamuuza zonse, za ng'ombe ya aneba, za dokotala, za 11 koloko. Sanandidule mawu.

"Ndiye pamene mumandiimbira paja, anali atadula kale," anatero.

"Sindinkadziwa, mwanangu."

"Munaganiza liti zoti musadulitse?"

Ndikanatha kunena kuti masana omwewo. "M'mawa. Cha m'ma 7."

"Ndiye kuyambira 7 mpaka 3 munkatani?"

"Ndinkawaza nkhuni."

Ndinamumva akupuma. "Ndikufuna ndikukhulupirireni, bambo. Ndithu ndikufuna. Koma mwapeza zonse zimene munkafuna, michira yadulidwa, ndiponso ine ndanena kuti ndibwera. Mukuona mmene zikuonekera?"

"Ndikuona."

"Chabwino."

"Ubwerabe Loweruka?" ndinafunsa. "Ndikufuna ubwere." Aka kanali koyamba m'moyo wanga kumupempha chinthu mosazungulira, ndipo kanabwera mochedwa ndi masiku awiri.

"Sindikudziwa," anatero. "Pali wodwala akundidikira. Tsalani bwino."

Lachinayi ndi Lachisanu foni sinalire. Inenso sindinaimbe, poti zonena zinali zitatha.

Loweruka ndinadzuka molawirira. Ndinameta ndevu, ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinakonza kamba wa anthu awiri, buledi ndi tchizi chija, ndi tiyi m'fulasiki. Kenako ndinakhala pawindo la kukhitchini, pamene msewu umaonekera kuyambira pamlatho. Nthawi ya 9 inadutsa galimoto ya makalata, osaima. Cha m'ma 10 anadutsa mnansi wanga pa thirakitala, nakweza dzanja. Kenako kunagwa kamvula, n'kukata. Ndinawiritsa ketulo kawiri osathira tiyi.

1 koloko itakwana ndinaimirira. Sula anali atandidikira masiku khumi ndi awiri, ndipo iye sanalakwe kanthu. Ndinalemba kapepala kakuti ndapita kwa Dennis, ndibwera mawa, bedi ndi lokonza, n'kukasiya patebulo. Chitseko sindinakiye.

Galimoto ya Ishbel ndi yaing'ono, yobiriwira. Pamsewu wa kumwera galimoto zotero zilipo zambiri, ndipo ine ndinayang'anitsitsa iliyonse, yakutsogolo ndi yakumbuyo, mpaka kumalire.